A Majidi Ometa ndi Tsitsi la Habibu

A Majidi akhala akumeta anthu ku Ndirande kuyambira nthawi imene wometa ankangofuna mthunzi, mpando, sizasi ndi kagalasi kong'aluka. Anabadwira komweko, kuseri kwa msika. Bambo awo anali atelala pakhonde la sitolo ina ku Limbe, ndipo ankafuna kuti mwana wawo atengere ntchito ya singano. Koma mnyamatayo atafupikitsa thalauza la mwini wake mpaka kusanduka kabudula, madalawo ananena kuti munthu wodula mopyola chonchi apite akadule zinthu zimene zimameranso. Umo ndi mmene a Majidi anapezekera pansi pa mtengo wa mango ndi sizasi yakale ya bambo awo.

Lero ali ndi babashopu yawoyawo, kachipinda ka njerwa m'mbali mwa msewu wotsikira ku msika, ndipo nyumba yawo ili kuseri kwake. M'kachipindamo muli mpando umodzi wozungulira, benchi ya odikira, galasi lalikulu, ndi chithunzi cha masitayilo a tsitsi chimene dzuwa linachiyeretsa kotero kuti anthu onse a pachithunzipo amaoneka ngati a mimba imodzi. Amadziwika kuti ndi wometa wosathamanga. Layini ya pamphumi akaikonza imawongoka ngati ayezera ndi lula. Salankhula kwambiri, zimene ndi zachilendo kwa wometa, ndipo kasitomala akawayamikira amangoti mutu wake ndiwo unali wabwino, n'kuyamba kukuntha nsalu.

Ndiye linali tsoka la mtundu wake kuti mwana wa tsitsi lalitali kuposa ana onse a m'deralo anali wawo.

Habibu, wopondana ndi mlongo wake wamkulu Ayesha, anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Mawu ake anali ochepa ndipo ankawatulutsa akafuna yekha. Sankayang'ana munthu m'maso. Ankatha kukhala m'mawa wonse akundandalika zitsekero za mabotolo pakhonde, ndipo phokoso lina limene anthu ena saliwerengera n'komwe linkamulowa m'mutu ngati msomali. Anthu ananena zambiri. Ena anati anamulodza ali m'mimba. Ena anati bambo ake anamukhwimira kuti babashopu iziyenda. A Majidi atamva zimenezi anayang'ana denga lawo lodontha n'kunena kuti ngati kukhwima kwake n'kumeneku, ndiye kuti sing'angayo anawapusitsa. Ku chipatala chachikulu n'kumene anawauza dzina lake, otizimu. Anati mwana amabadwa choncho, si ufiti ndipo si kulakwa kwa mayi kapena bambo. Anatinso mwana wotere amaphunzira ndithu, koma kudzera njira yakeyake.

Mwa phokoso lonse la mu Ndirande, limene Habibu ankaliopa koposa linali la mashini ometera. Ulendo womaliza kumumeta, kutatsala pang'ono Idi ya chaka chinacho, anachita kumugwira. Malume ake a Mukhtar, achimwene a mayi ake a Zubeda, anapanikiza miyendo, mnansi wina anagwira manja, ndipo a Majidi anameta mwana wawo akukuwa mpaka mawu kutha. Mutu unasalala. Koma kuyambira tsiku limenelo Habibu sanayandikirenso bambo ake. Akangomva fungo la sipiriti pa malaya awo ankalowa kunsi kwa tebulo. A Majidi sanadandaule kwa munthu. Anangoyamba kusamba m'manja ndi sopo ndi kusintha malaya asanalowe m'nyumba, ndipo sizinathandize. Choncho tsitsi linakula, iwo akuliona tsiku ndi tsiku ngati mlimi woona udzu m'munda umene amuletsa kupalira.

Pa sukulu ina ya pulayimale chapafupi panali kalasi ya ana ofunika chithandizo chapadera. A Zubeda anayendera malo a Habibu m'kalasimo mpaka masilipasi kuperepeseka, ndipo anawapeza. Ahedi, mayi wachikulire wa magalasi a chingwe, anawalandira bwino. Koma atayang'ana mutu wa mwanayo ananena kuti lamulo la tsitsi ndi la ana onse, popeza pasukulu pamakhala nsabwe ndi zipere. Teremu ikatsegulidwa, Habibu abwere atameta.

A Mukhtar sanaone vuto. Iwo amayendetsa minibasi ya pakati pa Ndirande ndi Limbe, ndipo chilichonse chochedwa amachitenga ngati mwano. Anati Loweruka lomwelo abwera ndi kondakitala wawo, amugwire, nkhani ithe, mwana alira n'kuiwala. Pachikhalidwe chawo mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mawu a malume saponyedwa pansi. A Majidi anangopempha kuti apatsidwe tchuthi chonse ayese njira ina. Ikakanika, alamu awo adzabwere adzamugwire. A Mukhtar anavomera ndi nkhope ya munthu amene wapatsa mpata njinga yakabaza pamsewu.

Njira inayo a Majidi anakaipeza ku Chinyonga, pa nyumba imene makolo a ana otere amakumanirana. Kumeneko kunali mayi Hazel, mtsikana wa kumpoto amene anaphunzira za kaphunzitsidwe ka ana a otizimu, wolankhula Chichewa chokoka pang'ono ngati akuchinyamula pamutu kuchokera ku Rumphi. Anabwera kudzaona babashopu. Anazungulira mpando, anamvetsera mashini, kenaka anafunsa ngati Habibu amalowamo m'kachipindamo. A Majidi anati salowa, ngakhale pakhomo safika. A Zubeda anati amalowa.

"Liti, mayi a Ayesha?"

"Magetsi akazima. Inu mumakhala muli kutsidya ku bawo mukutukwana amagetsi."

Zinali zoona. Magetsi akangozima, a Majidi ankapachika mashini pa msomali n'kuwoloka msewu kukasewera bawo ndi anzawo. Nthawi imeneyo Habibu ankalowa mwakachetechete, n'kukhala pansi pafupi ndi zenera. Zaka zonsezi bambo ndi mwana ankasinthana kachipinda kamodzi osakumana.

Mayi Hazel anati pamenepo ndiye poyambira. Anawafotokozera mfundo zake atakhala pabenchi ya odikira. Ntchito yaikulu iduleni tizidutswa ting'onoting'ono, mwana aphunzire kachidutswa kamodzi kaye. Akachita chimene mwamupempha, mphoto ibwere nthawi yomweyo, pamodzi ndi mawu omuyamikira, osati madzulo kapena mawa. Ndipo muzilekeza zinthu zikadali bwino, asanayambe kulira. Ya tizidutswayo a Majidi anaimva, chifukwa ngakhale ndevu sazimeta kamodzi. Yolekeza pakatiyo anaiona ngati chipongwe pa ntchito yawo. Wometa sasiya mutu panjira. Koma anangovomera ndi mutu, popeza mlendo sum'tsutsa tsiku loyamba.

Za mphoto anaganiza kuti n'zosavuta. Anagula maswiti, mabisiketi, majigisi ndi mafilizesi. Habibu anaziyang'ana ngati miyala. Amene anapindula ndi Ayesha, yemwe tchuthi chimenecho ananenepa masaya. Mayi Hazel atabweranso anati asiye kugula, ayambe kuyang'ana. Magetsi atazima, a Majidi anabisala kuseri kwa chitseko cha babashopu yawo yomwe ngati wakuba, n'kusuzumira. Anaona Habibu akutenga kabotolo kopopera madzi, kamene amanyowetsera tsitsi, n'kupopera m'kuwala kwa dzuwa kolowera pazenera. Ankayang'ana tinkhungu ta madzi tikutsika, n'kuseka motsitsa. A Majidi anali asanamvepo kuseka kumeneko kwa nthawi yaitali. Anazindikiranso chifukwa chake kabotoloko kankapezeka kopanda madzi, nkhani imene anakhala akunenera dzuwa.

Kabotolo kanasamukira m'thumba la ovolosi yawo. Kuyambira pamenepo kankatuluka pokhapokha Habibu akachita chimene wapemphedwa.

Chimene chinawavuta kwenikweni ndi mawu oyamikira. A Majidi anakula akumva kuti mwana ukamuyamikira pamaso amakula mtima. Mawu okoma kwambiri amene bambo awo anawauzapo m'moyo wonse anali akuti, "Lero sunaononge." Tsopano mayi Hazel ankafuna kuti azinena kuti wachita bwino, mokweza, nkhope ikusekerera, mwinanso kuwomba m'manja. Atayesa koyamba, mawuwo anatuluka ngati chilengezo cha maliro pa wailesi. A Zubeda anathawira kukhitchini kukaseka. Mayi Hazel sanaseke. Anati ayesere pa makasitomala mpaka pakamwa pazolowere, ndipo zithandizanso Habibu akamaona patali kuti anthu amakhala pampandopo, n'kuyamikiridwa, n'kutsika ali amoyo.

Woyamba kugwa m'mbunamo anali a Chipulikano, bambo wa kumpoto amene anapuma ntchito m'boma. Iwo amabwera sabata iliyonse atavala jekete, nyuzipepala ili m'khwapa, kudzametetsa tsitsi limene linatsala m'mbali mwa dazi. Tsiku limenelo a Majidi atamaliza anachotsa nsalu, anatsokomola, n'kunena kuti, "Mwachita bwino kwambiri, madala. Mwakhala osagwedezeka."

A Chipulikano anawayang'ana kudzera pagalasi kwa nthawi yaitali. Anafunsa ngati a Majidi akudwala malungo. Atawafotokozera, anapinda nyuzipepala mosamala.

"Ndagwira ntchito m'boma mpaka imvi, palibe anandiuzapo mawu amenewo. Nanga mphoto yanga ili kuti?"

A Majidi anawapatsa kabotolo. A Chipulikano anapopera kawiri m'mwamba mwaulemu wonse, n'kubweza. Nkhani inafala, ndipo posapita nthawi anyamata a kabaza ankakana kutsika pampando asanauzidwe kuti akhala bwino. Wina anadandaula kuti mnzake anamuwombera m'manja pomwe iye ayi. A Majidi anapirira zonsezi, ndipo pakamwa panayamba kufewa.

Motero a Majidi anasanduka munthu yekhayo mu Ndirande wokondwera magetsi akazima. Mawailesi akati zii, owotcherera zitsulo n'kuyamba kudandaula, azimayi ogulitsa mafilizesi n'kugwira m'chiuno, iwo ankasuzumira kuseri n'kuitana akazi awo kuti abwere ndi Habibu. Anzawo a ku bawo anawadikira mpaka kutopa, n'kugamula kuti munthuyo walowa chipembedzo china.

Poyamba Habibu ankangoima pakhomo bambo ake ali mkati. Zimenezo zokha zinali zokwana kabotolo. Kenaka anayamba kulowa n'kukhudza mpando. Kenaka anakwerapo, n'kupeza kuti umazungulira, ndipo panapita masiku akungozungulira. Nsalu ya pakhosi anaikana kotheratu, ndipo mayi Hazel anati aisiye, nkhondo si ya nsalu. Pambuyo pake anavomera kugwira mashini ali ozima, kuwatembenuza, kuwanunkhiza. Tsiku lina a Majidi anayendetsa mashini ozimawo pa mkono wawo, kenaka pa mkono wa Habibu, kenaka pamutu pake, dzanja lawo lamanzere litagwira kumbuyo kwa khosi monga amachitira ometa. Mwanayo sanathawe. Kanali koyamba kumukhudza kuchokera pa Idi ija. Ananena mawu oyamikira aja, ndipo ulendo uno sanachite kuwafunafuna. Atatero anatuluka panja kukayang'ana kumwamba ngati akufuna kuona ngati kugwa mvula, ngakhale unali mwezi wa Ogasiti.

Cholakwa chinabwera kudzera m'chizolowezi. Wometa aliyense wa m'tauni muno, magetsi akazima, amasiya mashini osatseka kuti akayaka amve kulira kwake ali panja. A Majidi anachita zimenezi zaka zambiri. Chiyambire maphunziro a Habibu ankakumbukira kuzula nthambo pakhoma. Koma tsiku lina magetsi anazima ali pakati pometa munthu wa ukwati. Mkwatiyo anakalipa, anatuluka ndi mutu wa theka kukafuna wometa wa jenereta, ndipo m'chipwirikiti chimenecho a Majidi anangopachika mashini pa msomali monga kale. Anaitana Habibu, anamukhazika pampando, anam'patsa mashini m'manja.

Magetsi amene nthawi zonse ankapita mpaka madzulo, tsiku limenelo anabwerera msanga. Mashini anadzuka m'manja mwa mwanayo ngati njoka. Nthawi yomweyo wailesi inaphulika ndi nyimbo, wowotcherera wa pafupi anayambiranso, ndipo ana a mumsewu onse anakuwa kuti ayaka. Habibu anaponya mashini pagalasi n'kuthawa. Galasi linang'aluka pangodya. Madzulo ake anali kunsi kwa tebulo, manja ali m'makutu, ndipo bambo ake atalowa anadzikankhira mkati.

A Mukhtar anafika mawa lake, atamva kwa anthu. Sananene kuti ndinanena, koma anakhala pampando m'njira yonena zomwezo. Anati masewera a madzi aonedwa, tchuthi chapita theka, ndipo malo a kusukulu sadikira munthu. A Majidi anawakumbutsa kuti pangano linali la tchuthi chonse. A Mukhtar anati iwo ndi munthu wosunga mawu, adzabwera Lamulungu lomaliza.

Mayi Hazel sanadabwe. Anati kubwerera m'mbuyo ndi gawo la ulendo, ndipo a Majidi asadzizunze. Koma anafunsa mafunso ambiri za tsikulo, ndipo pomaliza ananena kuti mwina chimene Habibu amadana nacho si kulira kwa mashini kokha, koma kuti amalira iye asanadziwe, ndipo satha kuwaletsa. Nanga atakhala kuti woyatsa ndi wozimitsa ndi iyeyo?

Anayambiranso pakhomo, ndipo ulendo uno anafulumirako. A Majidi anagula nthambo yaitali yokhala ndi swichi. Mashini anawaika pampando mkati, swichi anaipereka kwa Habibu ali panja pakhonde. Mwanayo anaidina mwangozi, mashini analira, anaidinanso, anatonthola. Anaima kwa kanthawi akuyang'ana chala chake. Kenaka anayatsa, anazimitsa, anayatsa, anazimitsa, mpaka dzuwa kupendeka.

Apa zinthu zinatembenuka. Maphunziro tsopano ankafuna magetsi, ndipo a Majidi anabwerera m'gulu la anthu odandaula, mokweza kuposa kale. Anzawo a ku bawo anati alapa. Vuto linali lakuti Habibu anaikonda ntchito yake yatsopano moti sankafuna kuisiya makasitomala akabwera. Ankakhala pakhonde ndi swichi pamiyendo, ndipo mashini ankalira ndi kutonthola monga mwa chifuniro chake. Anthu achangu anasamukira kwa wometa wa kutsidya. A Chipulikano anakhalabe. Tsitsi lawo lochepalo linkatenga m'mawa wonse, iwo akuwerenga nyuzipepala mpaka masamba a zamaliro. Ananena kuti mu Ndirande monse muli wozimitsa magetsi mmodzi, koma babashopu iyi yokha ili ndi awiri, ndipo wamng'onoyu ndiye wachilungamo chifukwa amaoneka nkhope.

Pang'ono ndi pang'ono swichi inalowa mkati, mwini wake ali nayo. Inafika pabenchi, kenaka pampando wozungulira. Lachiwiri lina m'mawa Habibu anakhala pampandopo, swichi ili m'manja, ndipo a Majidi anaika mashini ozima pamwamba pa mphumi yake n'kudikira. Anadikira mpaka mkono kuwawa. Kenaka chala chinadina. Mashini anayenda kuchokera pamphumi mpaka pakati pa mutu, tsitsi linagwera pa mapewa, ndipo chala chinadinanso.

A Majidi anamuyamikira, anam'patsa kabotolo, ndipo dzanja lawo linabwereranso lokha kumutu kuja kuti lipitirize. A Zubeda, amene anaima pakhomo, anatsokomola. A Majidi anakumbukira mfundo ija yolekeza zinthu zikadali bwino. Anayang'ana mutu wa mwana wawo, nkhalango yonse ili chilili ndi kanjira kamodzi pakati, ndipo anapachika mashini pa msomali. Pa ntchito yawo yonse sanachitepo chinthu chovuta ngati chimenecho.

Habibu anatuluka panja ndi kanjira kakeko. Chipewa sankachilola, choncho Ndirande yense anaona. Mawa lake panawonjezeka kanjira kena, osati pafupi ndi koyambako, chifukwa mwini mutu ndiye ankaloza pamene mashini aikidwe. Masiku ena sankalola n'komwe. Masiku ena ankalola koma magetsi kunalibe. Posakhalitsa mutuwo unkaoneka ngati tchire limene osaka mbewa atentha mwa apo ndi apo. Wometa wa kutsidya ankauza anthu ake kuti asafunse zambiri za mnzakeyo, angoyang'ana mwana wake. Potuluka mu mzikiti Lachisanu, mkulu wina anawakokera pambali a Majidi n'kuwafunsa mwachifundo ngati maso ayamba kuvuta. Mayi wina wosawadziwa anawaimitsa pamsika, Habibu ali pambali pawo, n'kuwalangiza kuti apite naye kwa a Majidi, amameta bwino. Iwo anathokoza n'kupitirira.

Koma mwanayo anali pambali pawo. Anayamba kuwatsatira, chala chimodzi atakoletsa m'thumba la ovolosi. Mwina ankatsatira kabotolo. A Majidi sanafune kufufuza.

Lamulungu lomaliza linafika pamwamba pa mutu pali poyera, mbali ya kumanja yatha, kumbuyo kwatsala zisumbu, ndipo mbali yonse ya kumanzere kuzungulira khutu ili chikhalire. Khutu limenelo Habibu sankalola kuti mashini aliyandikire. A Mukhtar anaimika minibasi yawo pakhomo pa babashopu itangokwana nthawi ya chakudya chamasana, n'kutsika ndi kondakitala wawo, munthu wa mapewa ngati chitseko. Anapereka salamu, analandira madzi akumwa, kenaka anati tiyeni tithane nazo, galimoto ikudikira. Habibu anali pampando akuzungulira, osadziwa kanthu.

A Majidi anayang'ana mwana wawo. Sanali munthu wobweza mawu, ndipo ankadziwa kuti alamu awo sakunama. Ahedi akhoza kumubweza mwanayo mawa, malo n'kupita kwa wina, kuyenda konse kwa akazi awo n'kupita pachabe. Kumugwira kukanatenga nthawi yochepa kuposa kuwira kwa tiyi.

"Ndinalonjeza, alamu, sindikukana. Koma dzanja langa silikwanitsa."

"Ometa ndi ambiri mu Ndirande. Tim'tengera kutsidyaku."

"Mukatero mawa adzapita kusukulu atasalala. Koma pampandopa sadzakhalaponso."

A Mukhtar anati iwo sakufuna nzeru za ku Chinyonga, akufuna mphwawo aphunzire. Anakumbutsa onse kuti mwanayo ndi wa kwawo. Apa a Zubeda anaika pansi beseni limene ananyamula. Analankhula motsitsa, monga mlongo amene akudziwa kuti mawu ake amvekabe.

"Achimwene, malowo ndinayendera ndine. Akatayika ndidzayenderanso. Dzulo mwanayu wagona masana atatsamira mwendo wa bambo ake. Wofuna kumugwira ayambe wagwira ine."

A Mukhtar anayang'ana mlongo wawo, anayang'ana mutu wa Habibu, n'kupukusa wawo. Anati asadzawaitane ahedi akam'bweza, ndipo anatuluka kukakhala m'minibasi. Kondakitala uja, ataona kuti ntchito imene anabwerera yatha yokha, anakanda m'mutu n'kufunsa ngati angametetseko popeza wafika kale. Anametedwa, Habibu akuyendetsa swichi, a Mukhtar akuliza hutala panja.

Lolemba m'mawa a Zubeda anamuveka Habibu yunifolomu, atachotsa kansalu ka pakhosi kamene kankamuyabwa. A Majidi anavala malaya awo a ku mzikiti n'kunena kuti apita nawo. Akazi awo anati palibe chifukwa, atha kupita okha, anthu asawaseke. Iwo anati mutuwo ndi ntchito yawo, akayankhe okha. Anadutsa pamsika nthawi imene anthu amachuluka, mwana ali pakati, mbali yosametayo ili kumsewu.

Ahedi anali pakhonde la ofesi akulandira ana atsopano. Ataona Habibu anakweza magalasi awo, anamuyang'ana kumanja, anazungulira n'kumuyang'ana kumanzere.

"Anamumeta ndani mwanayu?"

"Ndine, mayi."

"Bwanji osapita naye kwa wometa?"

"Wometayo ndine."

Ahedi anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. A Majidi anafotokoza mwachidule, manja ali kumbuyo ngati mwana wa sukulu wochedwa. Anati kale ankachita kumugwira, tsopano amakhala yekha pampando, koma amalola pang'onopang'ono, ndipo khutu la kumanzere sanagwirizane nalo. Sanapemphe chifundo. Anangoti ngati lamulo silingadikire, abwerera naye kunyumba, koma kumugwira ayi.

"Ndiye mumaliza liti?"

"Akandilola."

Ahedi anavula magalasi n'kuwasiya alende pachifuwa. Anapenda tsitsi lotsalalo ndi maso, osalikhudza, n'kuona kuti ndi loyera. Kenaka anapuma mozama n'kunena kuti akhala akudikira madesiki a sitandade 3 kuyambira ali ndi tsitsi lakuda, ndiye khutu limodzi sangalephere kulidikira. Anaitana mphunzitsi wa kalasi ija kuti atenge mwanayo pamodzi ndi mayi ake. Habibu anamasula chala chake m'thumba la bambo ake, n'kutsatira a Zubeda osacheuka.

A Majidi anathokoza n'kutembenuka kuti azipita. Ahedi anawaitananso n'kufunsa kuti babashopu yawo ili pati. Atawalongosolera, mayiyo anagwedeza mutu n'kunena kuti akufuna adziwe, kuti adzukulu awo asadzasochere n'kulowamo.

A Majidi anati akumvetsa. Anatsika ndi msewu wa kumsika kukatsegula.